Ana a Sitandade 6 akuberana, akunama, akuonerana mayeso: ndiyambire pati?

Madamu_Std6

Aphunzitsi anzanga ndi makolo amene muli pano, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi kalasi ya Sitandade 6 ya ana 94. Ambiri ndi a zaka 11 mpaka 14, koma alipo angapo amene anakwanitsa kale 16. Sabata siitha osamva kuti bolopeni yasowa, kope lasowa, kapena ndalama ya mandasi yatuluka m'chikwama cha wina pa buleki. Ukafunsa, bodza lake ndi loumitsa thupi: mwana woti anzake atatu amuona ndi maso amalumbira mpaka misozi kuti si iye. Pa mayeso a pamwezi ndiye kuonerana ndi likasa.

Zimene zikuchitika kale ndi izi. Ahedi amalangiza pa asembule Lolemba lililonse. Wogwidwa amalandira chibalo cha kutchetcha kapena kukumba dzenje la zinyalala, ndipo akabwereza timaitana makolo. Life Skills amaphunzira, ndipo amakhoza bwino. Ukawauza kuti alembe makhalidwe abwino asanu amalemba onse osaphonya. Koma wolemba "kukhulupirika" papepala ndi yemweyo amene mawa lake apezeka ndi rula ya mnzake.

Funso langa nali: kodi mphunzitsi mmodzi, wopanda thumba la ndalama, angachite chiyani m'teremu imodzi kuti khalidwe la kalasi lisinthe zenizeni? Zoti ana tiziwakonda ndikuzidziwa. Chimene ndikusowa ndi ndondomeko. Ndiyambe ndi chiyani Lolemba m'mawa, ndipo chinthu chikasowa ndichite chiyani, choyamba mpaka chomaliza?

Mlangizi_waZoni

Madamu, zimene mwaona pa Life Skills zinaonekanso kalekale kwina. Ku America, Hugh Hartshorne ndi Mark May anayesa ana a sukulu oposa 10,000 powapatsa mipata yobera mayeso, yonama ndi yotenga ndalama, anawo akuyesa kuti palibe akuwaona. Zotsatira zake zinatuluka pakati pa 1928 ndi 1930. Anapeza kuti mwana wodziwa kutchula zabwino sasiyana kwenikweni ndi mnzake ikafika nthawi yobera, kuti mwana mmodzi yemweyo atha kukhala woona mtima pa masewera koma wachinyengo pa masamu, komanso kuti ana a kalasi imodzi amakonda kufanana kaberedwe. Mfundo yomalizayi ndi imene ikukupatsani mphamvu inuyo. Mumtima mwa mwana aliyense simungalowemo, koma kayendetsedwe ka kalasi kali m'manja mwanu.

Musayambe ndi makhalidwe asanu. Tengani awiri okha, ndipo muwatchule monga zochita zimene diso lingaone: "Chimene si changa ndimabweza" ndi "Ndikalakwa ndimanena ndekha." Mawu oti kukhulupirika ndi aakulu kwambiri kwa mwana wa zaka 12, sadziwa powagwira. Ziganizo ziwirizo mulembe pamwamba pa bolodi, zisafufutidwe teremu yonse.

Lolemba lomwelo gawani kalasi. Ana 94 akupatsani magulu 12, khumi a ana 8 ndi awiri a ana 7. Gawani nokha. Mukawasiya asankhane, akuluakulu aja adzaunjikana gulu limodzi n'kusanduka boma lachiwiri m'kalasi. Sakanizani anyamata ndi atsikana, okhoza ndi ovutika, ndipo a zaka 16 aja muwamwaze mmodzimmodzi. Timagulu tating'ono totere ndi timene ma Scout akhala akuyendera kuchokera pomwe Baden-Powell anayambitsa gulu lawolo mu 1907. Pakati pa anthu 94 mwana amabisala mosavuta, koma pakati pa 8 alibe pobisala.

Gulu lililonse likhale ndi maudindo anayi: mtsogoleri, wosunga katundu, mlembi, ndi woyendera osabwera, amene amakafunsa chifukwa chake mnzawo sanabwere n'kumusungira notsi. Azisinthana masabata awiri aliwonse. Pakutha pa masabata 12 mwana aliyense amakhala atagwirapo udindo katatu. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amapereka udindo kwa ana odziwika kale kuti ndi abwino, chaka chonse. Zikatero amene akuyeserera kukhulupirika ndi okhawo amene anali okhulupirika kale, ndipo amene mukuwadandaulawo sanagwirepo chinthu cha anthu n'kuchibweza chamoyo ngakhale kamodzi.

Katundu akhale weniweni: mabuku a boma, matsache, choko, dasitala, ndowa, makapu a phala ngati sukulu yanu imaphika. Wosunga katundu awerenge m'mawa ndi poweruka, mlembi alembe nambala m'kope limodzi la kalasi, onse awiri asayine. Mphindi zisanu zimakwana. Inuyo tsiku lililonse sankhani magulu awiri mosawauziratu, muwerengenso nokha. Ndondomekoyi imafera sabata yachitatu, mphunzitsi akatopa n'kusiya kuyang'ana kope lija. Ana amazindikira tsiku lomwelo, amayamba kusayina osawerenga, ndiye kuti mwawaphunzitsa kulemba malipoti abodza, chinthu choipa kuposa chimene munayamba nacho. Ngati mukuona kuti simukwanitsa, chepetsani katundu, atsale mabuku okha, koma kuwerenga kusadumphe tsiku.

Ntchito ya monitala wolemba mayina a olongolola muithetse. Imabala ukazitape ndi ziphuphu: chitumbuwa chimodzi, dzina lafufutidwa.

Chepetsaninso mayesero. Bolopeni zambiri ndi zoonekera mkati, choncho aliyense alembe dzina pa kapepala, akapinde n'kukalowetsa m'katimo. Kope lilembedwe dzina pachikuto ndi patsamba lapakati pomwe pali mawaya, chifukwa wakuba amang'amba chikuto. Pa buleki onse atuluke. Ngati chitseko chilibe loko, atsale awiri ochokera m'magulu osiyana, osati mmodzi. Pakona muike katoni ya zotoleka, imene aliyense angaponyemo chimene watola popanda kufunsidwa mafunso.

Tsono chinthu chikasowa. Musatseke chitseko n'kuyamba kusecha zikwama pamaso pa onse, musalange kalasi yonse, ndipo musaopseze zopita kwa sing'anga. Kusecha kumaphunzitsa kubisa bwino, ndipo mawa chinthucho chidzapezeka kuchimbudzi kapena m'chikwama cha wosalakwa. Chilango cha onse chimauza ana 93 amene sanabe kuti kusaba kulibe phindu. Nenani modekha chimene chasowa ndi vuto limene mwini wake ali nalo tsopano: "Mnzathuyu alemba ndi chiyani masamu?" Ngati ndi kanthu kakang'ono monga ndalama kapena rabala, ikani katoni ija kuseri kwa chitseko, ana a magulu atatu oyandikira pomwe chasowera adutsepo mmodzimmodzi, aliyense alowetse dzanja lofumbata n'kulitulutsa lotambasula. Ana 24 amatha m'mphindi zisanu. Chikapezeka, thokozani, musafunse kuti anali ndani. Chikapanda kupezeka, kapena ngati ndi chachikulu monga kope, katoniyo igone pamenepo mpaka mawa m'mawa. Nthawiyo ikadutsa ndi pamene mumayamba kufunsa, mmodzimmodzi, kumbali.

Lachisanu patulani mphindi 15 zomaliza. Alembi awerenge manambala: zasowa zingati, zabwezedwa zingati. Mayina ayi.

Pa mayeso gawani bolodi pakati, mafunso A ndi mafunso B, olimba mofanana koma manambala osiyana, mizere izisinthana. Kunja kukakhala kwabwino atulutseni pansi pa mtengo, motalikirana mita imodzi. Komabe dzifunseni chimene akuberera. Ngati wolephera amakuwizidwa, adzabera basi. Muzipereka timayeso tina tosalowa m'buku la malikisi, ndipo muwauze kuti wolemba kuti "apa sindinamvetse" ndi amene muyambe kumuthandiza. Mukalonjeza muchitedi. Ana amenewa akukula m'dziko limene mu 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa mapepala anatuluka nthawi isanakwane, ndiye akufunika kuona ndi maso awo, penapake, kuti kuvomera kusadziwa kumapindulitsa.

Wachitetezo_chaAna

A Mlangizi anena bwino za kuba. Ine ndilowe pa bodza, chifukwa ndi pamene akuluakulu timawononga kwambiri.

Mwana amene akulumbira mpaka misozi wawerengera kale mtengo. Akavomera, dzenje likumudikira. Akakana, mwina apulumuka. Pa mtengo woterowo bodza ndi lotchipa. Mu 2011 Victoria Talwar ndi Kang Lee anatulutsa kafukufuku amene anachita m'sukulu ziwiri za ku West Africa, ina yokwapula ngakhale pa zolakwa zazing'ono, ina yongodzudzula ndi mawu. Ana a zaka zitatu ndi zinayi anauzidwa kuti asasuzumire chidole chimene chinali kumbuyo kwawo, wamkulu n'kutuluka. Ambiri anasuzumira, m'sukulu zonse ziwiri. Kusiyana kunaoneka atafunsidwa. Pafupifupi onse osuzumira a ku sukulu yokwapula ananama, ndipo ankatha kulisunga bodzalo mwaluso akafunsidwanso, pomwe ku sukulu inayo onama anangopitirira theka pang'ono. Ndodo sinaletse kulakwa, inangonola bodza.

Ntchito yanu, Madamu, ndi kutembenuza mitengoyo. Lengezani kwa onse zinthu zisanachitike kuti wodziulula yekha amabweza chimene anatenga, amapepesa, nkhani yathera pomwepo. Wopezeka atakana amabweza, amapepesa, n'kuonjezeranso ntchito ina. Mwana woyamba kudziulula ndi amene adzayese mawu anu, ndipo ana 93 adzakhala akuyang'ana. Mukadzamukalipira kapena kumutumiza kwa ahedi, palibe adzaululenso teremu imeneyo.

Kafunsidwe nakonso. Ngati mukudziwa kale kuti ndi iye, musafunse kuti "Waba ndiwe?" Funso limenelo ndi msampha, likumuitanira ku bodza. Nenani kuti, "Bolopeni ya mnzako ili ndi iwe. Tiye tione mmene uibwezere." Ngati simukudziwa, khalani naye pansi kumbali, pamalo poonekera koma posamveka, ndipo mufunse mwa ndondomeko iyi: chinachitika n'chiyani, unkaganiza chiyani nthawi imeneyo, amene wavutika nazo ndani, ukonza bwanji. Mukafunsa, khalani chete. Werengani mumtima mpaka khumi. Akuluakulu ambiri amadziyankha okha mwana asanatsegule pakamwa. Mawu oti "chifukwa chiyani" muwapewe poyamba, popeza mwana amawamva ngati chiweruzo ndipo amangoti "kaya."

Chibalo cha kutchetcha ndi kukumba chili ndi zilema ziwiri. Sichibwezera kanthu kwa woberedwa, ndipo chimaphunzitsa kuti ntchito ya manja ndi ya olakwa, pomwe tikufuna ana okonda khasu. Chilango chifanane ndi cholakwa. Wang'amba buku alimate. Watenga ndalama abweze, ngakhale pang'onopang'ono, inu mukulemba. Wanamizira mnzake pagulu akonze mawuwo pagulu lomwelo.

Yang'ananinso chimene chikubedwa. Wotenga chakudya kapena bolopeni imodzi kawirikawiri ndi wosowa, ndipo yankho lake ndi a Mother Group, phala, kapena bolopeni zisanu zobwereketsa zimene zimabwezedwa poweruka. Wotenga ndalama mobwerezabwereza mufufuze kumene zikupita: juga, mavidiyo a pa tirediing'i senta, kapena wamkulu amene akumutuma. Wotenga zinthu zimene sakuzifuna n'kuzitaya nthawi zambiri ali ndi mkwiyo kapena chisoni chochokera kwina. Atatuwa mankhwala awo si amodzi. Mukapeza zizindikiro za nkhanza kunyumba, kapena mtsikana ali ndi ndalama zosadziwika kochokera, imeneyo si nkhaninso ya khalidwe. Auzeni ahedi, mulumikizane ndi woona za chitetezo cha ana wa m'dera lanu kapena muimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana lili kumbali yanu.

Kuyamikira nako kuli ndi kachitidwe kake. "Ndiwe mwana wabwino" ndi mawu opanda chogwira. Nenani chimene mwaona: "Unatola K500 n'kuiponya m'katoni palibe akukuona." Ndipo muchepetse mphoto. Mukayamba kupereka switi pa chilichonse chobwezedwa, zinthu zidzayamba kusowa kuti zitoledwe.

Agogo_aMwambo

Ana anga, zonsezi ndi zabwino, koma pali pamodzi pomwe ndikusiyana nanu pang'ono. Mwanena kwambiri za kumbali, kumbali. Kufunsa kukhaledi kumbali, mwana asachite manyazi. Koma woberedwa uja naye ndi munthu, ndipo gulu linamva kuti chinthu chasowa. Kwathu kuno mlandu suthera mseri. Pabwalo la amfumu wolakwa amavomera, amapereka chopepesera, awiriwo amagwirana chanza anthu akuona, ndipo kuchokera pamenepo woikumbanso nkhaniyo ndiye wolakwa. Mbali yomalizayi ndi imene masukulu amaiwala. Mwana anabweza, anapepesa, koma mpaka Sitandade 8 akumutchabe wakuba. Dzina likamumatirira chotero, amaona kuti palibenso chimene angataye. Choncho wolakwa akadziwika, kamapeto kachitike pamaso pa gulu lake la ana 8 lija, osati kalasi yonse, ndipo mphunzitsi anene momveka kuti nkhani yatha, woitchulanso ayankha.

Za makolo. Mukamawaitana pa zoipa zokhazokha, amabwera atakwiya kale, ndipo mkwiyowo umakathera pamsana pa mwana madzulo. Yambani ndi uthenga wabwino. Sabata iliyonse tumizani timakalata titatu kapena tinayi ta mzere umodzi: "Mwana wanu wasunga mabuku 20 a kalasi masabata awiri, palibe lasowa." Pakutha pa teremu mwafikira pafupifupi theka la makolo, ndipo tsiku lovuta likadzafika mudzalankhulana ngati anthu odziwana. Mufunsenso mwanayo kuti amamvera ndani. Nthawi zina si bambo kapena mayi, ndi malume, azakhali kapena agogo. Kumadera kumene malume ndiye mwini mbumba, kuitana bambo okha n'kuphonya khomo.

Makolo akafunsa chochita kunyumba, apatseni chimene makolo athu ankachidziwa bwino, kutuma. Mwana atumidwe kugolosale kapena kuchigayo ndi ndalama yopitirira mtengo, pobwera awerengere limodzi chenji, nthawi zonse, mosakalipa. Ikakwana kanayi kapena kasanu, ndalama ikwere. Apatsidwe nkhuku imodzi kapena mzere umodzi wa m'dimba zikhale zake, aone yekha chimene chimachitika akaiwala kuthirira masiku atatu. Kholo lisamuthirire mobisa, chifukwa mpiru wofota umalangiza bwino kuposa pakamwa pathu.

Ndinenenso chowawa. Make mbuu, mwana mbuu. Wangongole akagogoda, kholo limatuma mwana kuti "kawauze kuti ndachoka," madzulo lomwelo n'kumukwapula chifukwa cha bodza. Kusukulu n'chimodzimodzi. Mphunzitsi wofika mochedwa n'kusayina nthawi yabodza, wotuma ana kukatunga madzi a kunyumba kwake nthawi ya phunziro, wolonjeza kubweza makope Lachitatu n'kubweza mwezi wamawa, ameneyo wafufuta yekha ziganizo ziwiri zija pabolodi. Mukalakwitsa samu pabolodi mwana n'kukukonzani, vomerani mokweza. Limenelo ndi phunziro la "ndikalakwa ndimanena ndekha" loposa asembule khumi.

Tisasokonezenso kumvera ndi khalidwe. Nthawi ya Kamuzu ana ankaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mizere inali yowongoka ndipo ambiri amaikumbukira ndi chikondi nthawiyo. Komatu a Payoniya ndi a Yufi amene ankatseka misika ndi kuletsa anthu kukwera basi chifukwa cha khadi la chipani analinso omvera kwambiri. Mwana wongomvera amamvera aliyense amene ali ndi mphamvu tsiku limenelo, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi mkulu wa gulu la akuba. Umunthu ndi woti mwana adziwe chifukwa chake, mpaka athe kukana wamkulu womutuma choipa. Ndiye pa mphindi 15 za Lachisanu zija muziwaponyera nkhani yoti akangane. Mwachitsanzo: mnzako wapamtima waba, aphunzitsi akuganizira wina wosalakwa, iwe ukudziwa, utani? Kapena mutenge nthano ya Kalulu imene aliyense amaidziwa, mufunse kuti amene anapusitsidwa uja anagona bwanji usiku umenewo. Musathamangire kupereka yankho, alankhule okha.

A zaka 16 aja, ena mwa iwo analowa kale chinamwali kapena jando, ndipo kumudzi amawerengedwa akuluakulu. Mukawakalipira ngati tiana pamaso pa a zaka 11, adzalimba mutu kuti ateteze ulemu wawo. Alankhuleni monga achikulire: "Iwe ndiwe wamkulu muno, ang'onowa akuonera iwe." Anankungwi ndi alangizi a kumpingo kapena kumzikiti amene anawalangiza angathe kukuthandizani, mukawapempha mwaulemu kudzera kwa amfumu kapena komiti ya sukulu.

Madamu_Std6

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba. Agogo, za kamapeto pamaso pa gulu ndazimva. Ndatsala ndi mafunso atatu. Pali mnyamata wa zaka 16 amene wagwidwapo kangapo. Kodi nayenso akhale wosunga katundu, anzake osadandaula? Chachiwiri, makolo ena akabwera amanena okha kuti "mkwapuleni, ndakupatsani mphamvu." Ndiwayankhe bwanji osawanyoza? Chachitatu, ndidzadziwa bwanji kuti zikuyenda, poti ahedi adzafuna kuona umboni?

Mlangizi_waZoni

Mnyamatayo akhale wosunga katundu, Madamu, koma akwere makwerero. Ulendo woyamba mupatseni udindo umene ulibe chokopa, monga woyendera osabwera kapena wosunga matsache ndi ndowa. Ulendo wachiwiri mabuku, amene amawerengedwa kawiri pa tsiku ndipo mlembi amasayina naye. Ndalama zikhale zomaliza, mwinanso teremu yotsatira. Musamuuze kuti mukumuyesa, ndipo musamutchere msampha posiya ndalama patebulo dala. Akagwa mumsampha wotere mwangotsimikiza chimene munkachidziwa kale, ndipo mwataya mwana. Anzake sadzadandaula kwambiri chifukwa udindo ukuzungulira kwa aliyense, si mphoto. Ndi chifukwa chake kasinthasintha uja ndi wofunika. Dziwaninso kuti pa nthawi yake ena adzayesa kuba kuti mlandu ugwere iye, ndiye masabata awiri amenewo gulu lake muziliwerengera nokha tsiku lililonse, mwakachetechete.

Akadzaterereka, ndipo mwina adzaterereka, abwerere sitepe imodzi, osati pansi penipeni. Mnyamata wa zaka 16 amene ali Sitandade 6 wabwereza makalasi kangapo kapena anayamba mochedwa, ndipo chapafupi kwa iye ndi kusiya sukulu. Chilango chomuchititsa manyazi chimangomukankhira kumene akupita kale.

Za umboni, kumbuyo kwa kope la kalasi lija jambulani mizere inayi, muzilemba Lachisanu lililonse: zinthu zosowa, zinthu zobwezedwa, ana odziulula okha, ndi mapepala a mayeso ofanana mayankho olakwika. Wachinayiwu ndi wodalirika chifukwa ana awiri akhoza kufanana yankho lolondola, koma kufanana cholakwa chimodzimodzi pa mafunso atatu ndi kuonerana. Sabata yoyamba ingolembani mmene zinthu zilili, kuti mukhale ndi poyambira. Muwachenjeze ahedi pasadakhale kuti mwezi woyamba nambala ya zosowa ikhoza kukwera. Si kuti kuba kwachuluka ayi, koma ana amene kale ankangokhala chete poona kuti kunena kulibe phindu ayamba kunena. Mzere woti muziuyang'ana ndi wa zobwezedwa. Ukayamba kuyandikira wa zosowa, zikuyenda. Ngati pofika sabata yachisanu ndi chimodzi palibe ngakhale mmodzi wodziulula, ndiye kuti ana sakukhulupirira lonjezo lanu, ndipo mufufuze ngati pali mphunzitsi wina wolowa m'kalasimo amene akulanga odziulula. Vuto limeneli ndi lofala, choncho mukhale pansi ndi aphunzitsi onse ophunzitsa kalasi yanu musanayambe, mugwirizane chimodzi.

Wachitetezo_chaAna

Pa kholo lonena kuti "mkwapuleni," musayambe ndi kutchula malamulo, chifukwa limamva ngati mukuliphunzitsa kulera. Kholo limenelo likunena kuti limasamala ndipo latha nzeru. Yambani pamenepo: "Ndaona kuti nkhaniyi yakukhudzani, Bambo, ndipo tikufuna chimodzi." Kenako funsani mofatsa ngati anayesapo kukwapula kunyumba, ndipo ngati khalidwelo linatha. Ambiri amayankha okha. Mukatero mufotokoze kuti mphunzitsi saloledwa kukwapula ngakhale kholo litavomereza, popeza Unduna wa Zamaphunziro unaletsa, ndiye mphamvu imene akukupatsaniyo simungailandire. Musamusiye chimanjamanja. Mupatseni ntchito yake: aone kuti chobedwacho chabwezedwa kuchokera m'thukuta la mwanayo, monga ganyu wa Loweruka kapena mazira a nkhuku yake, osati kuchokera m'thumba la kholo. Kholo likangolipira, mwana waphunzira kuti zolakwa zake amasenza ndi ena.

Kwa aphunzitsi anzanu amene akuopa kuti popanda ndodo kalasi igwa, pali chitsanzo cha ku Uganda. Bungwe la Raising Voices linayesa ndondomeko yake yochepetsa nkhanza m'sukulu, yotchedwa Good School Toolkit, m'sukulu za pulayimale 42 m'boma la Luwero, theka zikuitsata, theka ayi. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2015 zinaonetsa kuti kumenyedwa kwa ana ndi aphunzitsi kunatsika kwambiri m'sukulu zoitsata, ndipo makhozedwe a ana sanatsike. Zinatenga miyezi 18, ndipo zinakhudza sukulu yonse, ahedi, aphunzitsi, ana ndi makolo. Inu mukuyamba ndi kalasi imodzi ndi teremu imodzi, choncho pa msonkhano wa PTA wotsatira pemphani mphindi khumi, mupite ndi kope lija, ndipo manambala akawerenge ndi alembi awiri a m'magulu, mtsikana ndi mnyamata.